Bwanji munthu wabwinobwino amadzida akaima pagalasi?

Munthu atha kudzuka ali bwinobwino, palibe pamene pakumuwawa, wasamba wavala, koma akangotenga foni nkuyendetsa chala pa Instagram kapena TikTok kwa kanthawi, pobwerera pagalasi akupeza kuti mimba yakula, mphuno yatambalala, khungu lada, tsitsi silikukhala. Thupi ndi lomwe lija la m'mawa koma mwini wake tsopano akuliona ngati cholakwika chofunika kukonza. Izi si zachibwana ayi, komanso si kufooka kwa munthuyo, pali njira yeniyeni imene zimachitikira ndipo ndikufuna tiitsatire bwinobwino chifukwa anthu ambiri akuvutika nazo chamumtima, ena mpaka kudwala kumene.

Thupi limene uli nalo ndi chithunzi cha thupilo chimene umanyamula m'mutu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Akatswiri a zamaganizo akamakamba nkhaniyi amanena za chachiwirichi, mmene umaganizira kuti ukuoneka, mmene umamvera ukakumbukira thupi lako, ndi zimene umachita chifukwa cha maganizo amenewo, monga kuthawira kumbuyo anthu akamajambulitsa, kukana kupita kosambira, kuvala juzi kunja kukutentha pofuna kubisa mikono. Chithunzi cha m'mutuchi sichimvera sikelo. Alipo anthu amene aliyense amawayamikira kuti ndi okongola koma iwo amagona akulira, alipo enanso oti m'magazini sangawaike koma ali pa mtendere ndi thupi lawo. Nde amene amajambula chithunzicho m'mutu mwathu ndani?

Mu 1954 katswiri wa ku America, Leon Festinger, anafotokoza kuti munthu akasowa choyezera chodziwira ngati ali bwino kapena ayi, amayang'ana anzake nkudziyerekeza nawo. Kukongola kulibe choyezera chokhazikika ngati kutentha kwa thupi, nde tonse timayezera pa anthu amene maso athu akuona. Kale anthu amenewo anali ochepa, ndipo unkawaona ali ndi chimfine, atatuluka ziphuphu, atangodzuka, akukalamba iwe ukuona. Lero pa tsiku limodzi maso akuona nkhope zambirimbiri zosankhidwa mwa anthu mamiliyoni, iliyonse pa mphindi yake yabwino koposa. Ubongo suwerengera zonsezo, umangotenga zimene ukuona pafupipafupi nkumati umu ndi mmene anthu amaonekera, woperewera ndi iwe wekha.

Umboni umene umandigwira mtima kwambiri unachokera ku Fiji, zilumba za m'nyanja ya Pacific. Kumeneko kuyambira kalekale thupi lodzaza ndi limene linkayamikiridwa, munthu akayamba kuonda abale ake ankada nkhawa kuti mwina akudwala. Mu 1995 wailesi yakanema inafika m'chigawo cha Nadroga nkuyamba kuonetsa mapulogalamu a kumayiko a azungu. Dokotala wa ku Harvard, Anne Becker, ndi anzake anafunsa atsikana apasukulu TV itangofika kumene, nkudzafunsanso gulu lina mu 1998. Ulendo woyamba panalibe olo mtsikana mmodzi amene ananena kuti amadzisanzitsa dala kuti achepetse thupi. Patangotha zaka zitatu, pafupifupi 11 pa 100 alionse anavomera kuti anachitapo zimenezo, ndipo 74 pa 100 alionse anati nthawi zina amadzimva kuti ndi onenepa kwambiri. Sikuti atsikanawo ananenepa mwadzidzidzi, makolo awo anali omwe aja, chomwe chinabwera chatsopano ndi anthu odziyerekeza nawo. Ndipo pocheza nawo zinaoneka kuti sankangofuna kuonda chabe, ankaona kuti akazi oonda a pa TV aja ndi amene ali ndi ntchito zabwino ndi moyo wapamwamba. Apa ndi pamene pagona nkhani, muyezo wa kukongola subwera wokha, umabwera ndi lonjezo lakuti ukaoneka chonchi udzakondedwa, udzalemekezedwa, zako zidzayenda.

Tsopano tione mmene chithunzi chimene tikudziyeza nachocho chimapangidwira. Wojambulitsa amaima chammbali, mwendo umodzi kutsogolo ataponda ndi zala, msana ataupinda kuti kumbuyo kutuluke, mimba ataikokera mkati osapuma, chibwano atachikankhira kutsogolo pang'ono kuti khosi litalike, kuwala kukuchokera mbali imene ikubisa mabowo a ziphuphu. Amajambula zambirimbiri nkusankhapo chimodzi, kenako chimodzicho chimalowa mu pulogalamu, chiuno kuchifinya, khungu kulisalaza mpaka timabowo ta thukuta kusowa, mano kuwayeretsa. Photoshop inatuluka mu 1990 ndipo kwa zaka zambiri ntchitoyi inali ya akatswiri a m'magazini, lero mwana wa zaka 12 akuichita pa foni ndi chala chimodzi, mavidiyo omwe akusinthidwa munthu akuyenda. Amuna a minofu yogawikana aja nawonso, ambiri asanajambulidwe amakhala atadzimana madzi ndi chakudya kuti khungu limatirire pa minofu, maonekedwe amenewo ndi a maola ochepa chabe, tsiku lotsatira eni akewo saoneka choncho. Nde munthu iwe ukuyerekeza thupi lako utakhala pansi utakhuta, ndi chithunzi choti mwini wake olo sangafanane nacho.

Zambiri zimene anthu amazida pa thupi lawo ndi zachibadwa zenizeni. Timabowobowo ta pantchafu ndi pamatako tija, timene amatitcha cellulite, tili pa akazi pakati pa 80 ndi 90 pa 100 alionse akatha msinkhu, oonda omwe. Mizere ya pakhungu imabwera thupi likakula msanga, pa unamwali, pa pakati, olo kwa anyamata onyamula zitsulo. Mimba imapindika munthu akakhala pansi chifukwa mkatimo muli matumbo. Kamera nayo imanama. Mu 2018 dokotala Boris Paskhover wa ku yunivesite ya Rutgers ndi anzake anawerengera kuti selfie yojambulidwa pa masentimita pafupifupi 30 kuchokera kumaso imakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi chithunzi chojambulidwa pa mita imodzi ndi theka. Tangoganizani ndi anthu angati akudana ndi mphuno yawo chifukwa cha kutalika kwa mkono wawo basi.

Mafilita anabweretsa vuto lina loposa la magazini. Kale unkadziyerekeza ndi munthu wina wakutali, unkatha kunena kuti ameneyo ndi modelo, ine ndine ine. Filita ikukuonetsa iwe wemwe, nkhope yako yomwe, koma mphuno yochepa, maso aakulu, milomo yodzaza, khungu lowala. Ukaizolowera, nkhope yeniyeni ya pagalasi imayamba kuoneka ngati yodwala. Cha m'ma 2018 madokotala a maopaleshoni okonza maonekedwe anayamba kunena poyera kuti anthu akubwera ndi zithunzi zawo zomwe zosinthidwa ndi filita, nkumapempha kuti awapange kuti afanane nazo, zina mwa izo zosatheka pa chigaza cha munthu. Ndipo eni mapulogalamuwa akudziwa. Mu 2021 Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata zamkati mwa kampaniyo ndipo nyuzipepala ya Wall Street Journal inazifalitsa. Kafukufuku wa kampaniyo yemwe anasonyeza kuti 32 pa 100 alionse a atsikana achichepere amene anafunsidwa anati akamamva zoipa za thupi lawo, Instagram imawonjezera ululuwo. Pulogalamu imaona pamene chala chako chaima nthawi yaitali nkukubweretsera zofanana nazo, sidziwa ngati waima chifukwa wasangalala kapena chifukwa mtima wakupweteka, nde amene ali ndi bala kale ndi amene amalandira zambiri zolitokosa.

Chinthu china chimene ndimafuna aliyense atachidziwa ndi chakuti muyezowu sukhala malo amodzi. Ku China kwa zaka mazana ambiri atsikana aang'ono ankamangidwa mapazi mpaka mafupa kupindika kuti phazi likhale laling'ono, mwambowu unaletsedwa mu 1912. Ku Ulaya akazi olemera ankadzola ufa woyera wokhala ndi mtovu umene unkawononga khungu lomwelo. M'zaka za m'ma 1960 modelo wa ku Britain, Twiggy, anatchukitsa thupi lowonda ngati la mwana, m'ma 1990 kunabwera Kate Moss ndi kuonda kooneka ngati munthu sakudya. Cha m'ma 2010 zinatembenuka, aliyense akufuna matako aakulu ndi mahipi koma chiuno chaching'ono ndi mimba yafulati, thupi loti anthu ochepa kwambiri amabadwa nalo chifukwa mafuta sasankha pokhala motsatira zofuna zako. Pano ndi kutchuka kwa majakisoni ngati Ozempic, amene anapangidwira odwala shuga, kuonda kwayambanso kubwerera. Fashoni imatha kusintha pa zaka khumi koma mafupa a m'chiuno mwako, msinkhu wako, malo amene thupi lako limasunga mafuta, zimenezo unatengera kwa makolo ndipo sizisintha ndi fashoni. Kuthamangira muyezo wotere kuli ngati kutungira madzi m'ndowa yobooka.

Ndipo sizikusintha mwangozi. Munthu wokhutira ndi thupi lake sagula zambiri. Kuti mafuta, tiyi wochepetsa mimba, malamba omanga m'chiuno, mapilisi ndi maopaleshoni zigulidwe, pamafunika kaye kuti munthu akhulupirire kuti pali cholakwika. Nkhani ya khungu imaonetsa izi poyera. Anthu akhungu loyera amauzidwa kuti kudera pang'ono ndiye kukongola, nkumakagona m'makina otentha khungu amene nthambi yoona za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inawaika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2009. Anthu akhungu lakuda ku Africa, ku Asia ndi ku Caribbean amauzidwa kuti kuyera ndiye kukongola. Aliyense akugulitsidwa chimene alibe.

Za mafuta oyeretsa khunguzi ndiime pang'ono chifukwa mizu yake ndi yozama ndipo kuvulaza kwake ndi kwenikweni. Ukapolo ndi utsamunda zinasiya maganizo akuti woyererako ali pafupi ndi ulemu, ntchito ndi banja labwino, ndipo ana amatola maganizowa adakali aang'ono zedi. M'zaka za m'ma 1940 akatswiri awiri achikuda a ku America, Kenneth ndi Mamie Clark, ankaonetsa ana achikuda zidole ziwiri zosiyana khungu lokha, ndipo ambiri ankasankha choyera kuti ndicho chabwino. Mwana wotero akakula nkugula botolo la mafuta oyeretsa, ine sindingamunyoze, wakhala akumva uthenga umenewo moyo wake wonse. Koma m'mabotolo ambiri muli zinthu zoopsa. Mercury amaletsa khungu kupanga mtundu wake koma amalowa m'magazi nkuwononga impso ndi mitsempha, amafikanso kwa mwana ali m'mimba ndi woyamwa. Hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali amatha kusiya zigamba zakuda zobiriwirako zovuta kuchotsa, makamaka m'masaya, ndiye kuti chimene munthu amathawa chija chabwera moposa. Ma steroid amphamvu ngati clobetasol amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, mizere ikuluikulu kutuluka, zilonda kuchedwa kupola, ndipo ukasiya mwadzidzidzi khungu limayabwa nkutuluka ziphuphu, nde munthu amabwereranso ku botolo lomwelo. Mayiko angapo monga Côte d'Ivoire, Ghana ndi Rwanda analetsa mafuta otere, ndipo mu 2023 mayiko a mu pangano la Minamata, lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury, anagwirizana zothetseratu zodzola zonse zothiridwa mercury. Mu 2020 Unilever inasintha dzina la Fair & Lovely kukhala Glow & Lovely anthu atadandaula kwambiri. Koma lamulo limachotsa botolo pa shelefu, silichotsa chifukwa chimene munthu amalifunira.

Ofuna thupi lodzaza nawonso ali pa ngozi. Opaleshoni ya BBL, imene amayamwa mafuta pamimba nkuwabaya m'matako, lipoti la madokotala la 2017 linayerekeza kuti munthu mmodzi mwa pafupifupi 3,000 ankamwalira nayo, chifukwa mafuta akabayidwa mkati mwa mnofu amatha kulowa mu mtsempha waukulu nkukatseka m'mapapo. Malangizo anasinthidwa kuti azibaya pansi pa khungu pokha, koma anthu ambiri amapita kwa otchipa osatsatira zimenezo. Ena amamwa mankhwala otsegula chilakolako cha chakudya ngati Apetamin popanda dokotala, amene amagonetsa tulo tosaneneka ndipo ena awononga nawo chiwindi.

Amuna tisaganize kuti izi sizikutikhudza, kungoti sitiyankhula. Mu 1999 dokotala Harrison Pope wa ku Harvard ndi anzake anayeza zidole za anyamata za G.I. Joe nkupeza kuti cha mu 1964, chitakulitsidwa kufika msinkhu wa munthu, mkono wake ukanakhala wa mwamuna wamba, pamene china cha m'ma 1990 mkono wake ukanaposa masentimita 60 kuzungulira, woposa wa katswiri aliyense wonyamula zitsulo. Pali anyamata amene ali ndi minofu yoti aliyense akuiona koma iwo akadziyang'ana amaona kamunthu kowonda, sangajombe kujimu olo atavulala, kenako amayamba kudzibaya ma steroid amene amachepetsa mphamvu yobereka, kukulitsa mabere ndi kuwononga mtima. Onjezani nkhawa ya kufupika ndi dazi, zinthu zoti anthu amaseka nazo poyera ngati sizipweteka.

Kuwonongeka kwakukulu komabe kumachitika mwakachetechete, kwa anthu oti sanachitidwe opaleshoni ndipo sanadzole kalikonse. Mu 1997 Barbara Fredrickson ndi Tomi-Ann Roberts anafotokoza kuti munthu amene wakula akuyang'anidwa ndi kuyezedwa maonekedwe amayamba kudziyang'ana yekha ndi maso a anthu ena, nthawi zonse mbali ina ya maganizo ake ili panja ikulondera kuti ndikuoneka bwanji. Chaka chotsatira anayesa izi, ophunzira ena anavekedwa juzi ena chovala chosambira, aliyense ali yekhayekha m'chipinda chokhala ndi galasi, nkupatsidwa masamu. Akazi ovala chosambira aja anakhoza mochepa kuposa ovala juzi, chonsecho panalibe wowaona. Nzeru zimene zikanapita ku masamu zinapita kukalondera thupi. Taganizirani zimenezo zikuchitika tsiku ndi tsiku, mkalasi mwana osakweza dzanja kuopa kuti anthu amuyang'ana, pa intavyu munthu akuganiza za mimba m'malo mwa funso, m'banja munthu osamasuka ndi mnzake amene amamukonda kale. Kwa ine uku ndiye kuba kwenikweni, munthu amasiya kukhala m'thupi lake nkusanduka mlonda wake.

Kwa ena zimafika pa matenda. Anorexia, imene munthu amadzimana chakudya mpaka thupi kutha, ili m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri. Mu 2006 mamodelo awiri, Luisel Ramos wa ku Uruguay ndi Ana Carolina Reston wa ku Brazil, anamwalira motsatizana chifukwa cha mavuto a kudzimana chakudya, chaka chomwecho chionetsero cha fashoni cha ku Madrid chinaletsa mamodelo oonda mopitirira. Palinso bulimia, kudya kwambiri kenako kudzisanzitsa, ndi vuto lotchedwa BDD limene limagwira anthu pafupifupi 2 pa 100 alionse, munthu amatha maola akuda nkhawa ndi kachilema koti ena sakukaona nkomwe, ndipo opaleshoni kawirikawiri simuthandiza chifukwa nkhawayo imangosamukira pa chiwalo china. Zithunzi pazokha sizidwalitsa aliyense, pamakhalanso za kumtundu, nkhawa, kuzunzidwa ndi kusekedwa paubwana, koma kwa amene ali kale pa ngozi zithunzizi zimakolezera.

Tisaiwalenso kuti mawu opweteka kwambiri nthawi zambiri sachokera pa foni, amachokera kwa anthu apafupi. Wanenepatu iwe, waondatu ukudwala, mng'ono wako ndiye woyera bwino, mawu ongoyankhula podutsa koma mwana amawasunga zaka makumi. Mayi amene amadzitukwana pagalasi mwana wake akumva akumuphunzitsa mmene adzadziyankhulire yekha. Olo kuyamikira kumene kuti waonda bwino bwanji kumatha kulimbikitsa munthu amene akudzipha ndi njala mobisa.

Maboma ena ayesapo kuika malamulo pa zithunzi zosinthidwa. Israel inakhazikitsa lamulo mu 2012, France kuyambira 2017 imafuna kuti chithunzi chamalonda chimene thupi lasinthidwa chilembedwe kuti chakonzedwa, Norway inatsatira mu 2022. Ndi zabwino, koma kafukufuku wa Marika Tiggemann wa ku Australia ndi ena wasonyeza kuti kalemba kameneko sikachepetsa kwenikweni kusakhutira, diso limakhala litayerekeza kale nzeru zisanawerenge. Kudziwa kuti chithunzi ndi chabodza sikukwanira, chofunika ndi kuchepetsa kuchuluka kwa zimene zikulowa m'maso. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2023, gulu la Gary Goldfield ku Canada linapempha achinyamata a zaka 17 mpaka 25 kuti achepetse masamba a mchezo kufika pa ola limodzi patsiku, ndipo pa masabata atatu okha anayamba kuona bwino maonekedwe ndi kulemera kwawo poyerekeza ndi anzawo amene sanachepetse. Kusiya kutsatira masamba amene ukawaona mtima umatsika, nkutsatira anthu a matupi, misinkhu ndi khungu losiyanasiyana, kumaphunzitsanso diso kuti anthu amaoneka bwanji.

Nanga kudzivomereza kwenikweni nkutani? Anthu ena amaganiza kuti ndi kuima pagalasi nkumadziuza kuti ndine wokongola mpaka ukhulupirire. Kwa ena zimathandiza, koma kwa munthu amene wadzida zaka zambiri zimamveka ngati bodza, kenako amadziimbanso mlandu kuti olo kudzikonda akulephera. Komanso njira imeneyo ikusiyabe kukongola pampando, ngati kuti munthu ayenera kukhala wokongola kaye kuti akhale ndi mtendere. Ine ndimaona kuti njira yolimba ndi kuchotsa ulemu wa munthu pa maonekedwe. Utha kudzuka tsiku lina osakonda mmene ukuonekera koma nkudyabe mokwanira, nkupitabe kumene umafuna kupita, nkujambulitsabe ndi ana ako. Miyendo imene ukuida ija ndi imene ikukuyendetsa, mimba ya mizere ija mwina inanyamula mwana. Ndipo izi sizikuletsa kudzola, kuluka tsitsi, kuthamanga kapena kuchepetsa thupi dokotala akalangiza. Funso ndi lakuti ukuchita chifukwa ukusamala thupilo kapena chifukwa ukulilanga, ndipo anthu amene amachita manyazi ndi thupi lawo ndi amene nthawi zambiri amathawa jimu ndi chipatala chomwe kuopa kuyezedwa ndi kunyozedwa.

Pali malire amene kudzilimbitsa wekha sikukwanira. Ngati munthu akudumpha chakudya mobisa, akuthamangira kuchimbudzi akangotha kudya, akudziyeza pa sikelo kangapo patsiku, msambo wasiya, akutha maola pagalasi kapena wasiyiratu kutuluka m'nyumba chifukwa cha maonekedwe, kapena wayamba kuganiza zodzipweteka, ameneyo akufunika dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo, osati kumuuza kuti ungodya kapena ndiwe wokongola kale. Thandizo lilipo, makamaka uphungu wa CBT umene umaphunzitsa munthu kugwira maganizo opotoka aja nkusiya zizolowezi zodziyang'anayang'ana, pena limodzi ndi mankhwala. Musadikire kuti aonde kaye mpaka mafupa kuoneka, anthu ambiri odwala bulimia thupi lawo limaoneka labwinobwino, ndipo amene wayamba kulandira thandizo msanga ndi amene amachira mosavuta.